Ndinalawa Sopo ku Al Furjan

Anthu a kuno ku Chilomoni akandifunsa chimene chinandichotsa ku Dubai nditakhalako zaka khumi ndi zinayi, ndimawayankha kuti ndinanyambita sopo. Amaseka. Ena amatsinzinirana, poganiza kuti ndikubisa nkhani ya mwamuna wa mwini kapena ya ndolo zosowa. Ndimawasiya aseke, chifukwa chimene ndanenacho n'choona. Ndinanyambita sopo, kamera inandiona, ntchito inatha.

Zaka zisanu ndi zinayi mwa zimenezo ndinazithera m'nyumba imodzi ku Al Furjan, kwa Madam Jean ndi amuna awo, Bwana Rodney, amene ankagwira ntchito pakampani ina ya zombo cha ku Jebel Ali. Ndinalowa m'nyumbamo mwana wawo Lily asanaganiziridwe n'komwe. Atabadwa, ndine ndinamunyamula kuchokera m'galimoto kulowa naye m'nyumba, poti Madam anali ndi bala la opaleshoni ndipo Bwana anali kalikiliki kujambula. Dzina langa ndi Mtisunge, koma m'nyumbamo ndinali Miti. Anthu odziwa kutchula mayina a vinyo wa ku France osapunthwa, dzina langa linawakanika zaka zonsezo.

Pabalaza panali mabuku khoma lonse. Madam anawagula potengera mtundu wa zikuto, kuti agwirizane ndi makatani. Wowawerenga ndinali ine, masana Lily akagona, n'kumabwezera lililonse pamalo pake kuti mitundu isasokonezeke. M'buku lina lobiriwira ndinawerengamo za anthu a ku Aleppo amene amaumika sopo wawo miyezi yambirimbiri asanamugulitse. Ndinangoti, kani ndi paliponse. Mayi anga ankanena zomwezo ku Ntcheu, osadziwa kuti padziko pali malo otchedwa Aleppo.

Lily anali ndi vuto la khungu. Madokotala ankalitcha ekizema. M'zigongono, kuseri kwa mawondo ndi m'khosi munkauma, kufiira, kuyabwa, mwana n'kumakanda mpaka magazi. Mankhwala opaka ankathandiza ndithu, koma nthawi yosamba inali nkhondo. Sopo aliyense wa m'sitolo, ngakhale wa m'mabotolo olembedwa kuti ndi wa makanda, ankamulowa m'zilonda. Mwana ankauma thupi ndikangotsegula mpope. Womugwira ndinali ine, wokandidwa ndinali ine. Dokotala anangoti pezani sopo wopanda zonunkhiritsa.

Apo m'pamene ndinakumbukira mayi anga. Ndili mtsikana, amayi a mpingo wathu anaphunzitsidwa kupanga sopo ndi mafuta a mtedza ndi soda wa kositiki. Gululo linatha pasanathe zaka ziwiri, koma mayi anga anapitiriza okha kuseri kwa nyumba, ine ndikuwagwirira mthiko. Ndinapempha chilolezo kwa Madam. Anati, "Yesa, bola usandiwonongere matailosi."

Soda anandigulira ndi Overton, mlonda wa pageti la dera lathu, mnyamata wa ku Mzimba wa ndevu zoyamba kuyera. Pondipatsa kachitiniko anakagwira ndi zala ziwiri.

"Achemwali, izi kuno amatsegulira mapaipi a chimbudzi. Inu mukufuna kutsegula chiyani? Kapena abwana akutopetsani?"

"Ndikufuna kusambitsa mwana."

"Mayo ine! Ndiye apolisi akabwera sindikudziwani. Khalas, zathera pomwepo, monga amanenera Aluya."

Sopo wa njira imeneyi saphikidwa pamoto. Moto wake uli mu soda momwemo. Ndinkapangira pakhonde la kuseri, m'mawa dzuwa lisanayambe kulusa, nditavala magolovesi ndi magalasi osambirira a Bwana. Mafuta a azitona ambiri, a kokonati ochepa. Mkaka wa ngamila ndinkayamba ndauumitsa mufiriji mpaka usanduke timiyala, chifukwa soda akakumana ndi mkaka wofunda amaupsereza, n'kununkha ngati ubweya wowauka. Soda ndiye amapita ku mkaka, pang'onopang'ono. Mkaka supita ku soda. Poto akhale wa chitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa wa aluminiyamu soda amamudya. Ndipo chilichonse chipite pasikelo. Sopo sadziwa kapu, sadziwa supuni, sadziwa mawu oti "pafupifupi." Ukatha kuphatikiza umatakasa mpaka zikhuthale ngati phala la mwana, loti ukadontheza pamwamba kamzere kamakhala osamira. Apo ndinkawaza otsi wopera, uja azungu amaphikira phala, ndi uchi pang'ono, n'kuthira m'zikombole. Zikombole zanga zinali makatoni a mkaka odula pamwamba. Pakapita masiku awiri umang'amba katoni, n'kudula zidutswa, n'kuziyala pamalo opita mphepo.

Ndiyeno umadikira masabata asanu ndi limodzi. Ku Dubai, kumene nyumba yosanja imamera ngati bowa, ine ndinkadikira sopo. Ndinkayala zidutswazo pashelefu ya m'chipinda chochapira, poti mpweya wozizira wa eyakoni unkafikamo; panja chinyezi cha m'chilimwe chikanamuchititsa thukuta. Tsiku lililonse ndinkazitembenuza.

Masabata atakwana ndinachita zimene mayi anga ankachita, zomwe mayi aliyense wa kwathu amachita ndi chidulo asanachithire m'therere. Ndinatenga chidutswa chimodzi, kunyowetsa pangodya, n'kugunditsa kunsonga kwa lilime. Sopo wabwino amangowawa chisoposopo. Koma wotsala ndi soda amakubaya, ngati muja tinkachitira tili ana kugunditsa lilime pa batire. Sopo wobaya lilime sapita pakhungu la munthu. Chidutswa cholawacho ndinkachitenga kukasambira ndekha. Sindinauzepo Madam za zimenezi, monga mmene sindinkawauzira kuti ndimalawa mchere m'supu yawo. Sindinaganize kuti n'chinthu chofunika kunena.

Tsiku loyamba kumusambitsa Lily ndi sopoyo anauma thupi mwa masiku onse, maso atatsinzina. Kenaka anatsegula diso limodzi.

"Anti Miti, sakuluma."

Sindinena kuti sopo wanga anachiza mwana. Mankhwala a dokotala ankapakabe. Koma nkhondo ya kubafa inatha tsiku limenelo, ndipo kwa chaka chathunthu m'nyumbamo simunalowenso sopo wina wa Lily. Madam anakondwa. Anajambula zidutswa zija ataziika pa mbale ya nsangalabwi, masamba a azitona m'mbali, n'kutumiza kwa anzawo onse pafoni: sopo wathu, wopanga tokha, wa njira yakale ya ku Africa. Wathu. Mnzanga Chawezi, amene ankagwira ntchito ku Al Twar ndipo tinkakumana kutchalitchi Lamlungu lililonse, ataona chithunzicho anapukusa mutu.

"Iwe Mtisunge, anakulemba kulera mwana kapena kutsegula fakitale? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, mwana wa amayi."

Ndinamuseka.

Lily atatsala miyezi iwiri kuti akwanitse zaka zisanu ndi chimodzi, Madam anaganiza zoti paphwando lake mwana aliyense adzapite kwawo ndi kasopo kokulungidwa m'kansalu. Ana makumi atatu. Ndinapanga sopoyo maulendo awiri. Madam anati n'ngokwanira koma n'ngosaoneka bwino, wotuwa ngati njerwa yosawotcha. Lamlungu lina ine ndili kutchalitchi, anaitana mnzawo, n'kutulutsa zipangizo zanga, n'kupanga okha ulendo wachitatu akudzijambula. Nditabwera madzulo ndinapeza makatoni atatu ali ndandanda, sopo wa pinki, pamwamba atawaza maluwa ouma. Kunena zoona anali wokongola. Wanga pafupi naye ankaoneka ngati wachibale wa kumudzi pa ukwati wa m'tauni.

"Mwaona, Miti? Si zovuta," anatero Madam.

Ndinafunsa ngati anayeza bwino. Anati inde, inde. Ndinadula, kuyala pashelefu, n'kumatembenuza limodzi ndi wanga.

Lachinayi, phwando lili Loweruka, ndinalowa m'chipinda chochapira masana kukalawa. Woyamba, bwinobwino. Wachiwiri, bwinobwino. Wa pinki nditangomugunditsa ndinalumpha. Sikunali kubaya kwa batire kokha, kunali ngati ndanyambita khasu lochokera pamoto. Ndinathamangira pampope. Pofika nthawi yokatenga Lily kusukulu, kunsonga kwa lilime kunali katuza. Sopo wotere sakhwima ngakhale mutamudikira chaka. Soda anachuluka, mafuta anachepa, palibe chosintha. Ndinamuika yense m'bokosi, kulemba kuti asagwiritsidwe ntchito, n'kudikira kuti Madam abwere ndiwauze.

Ndinaiwala kadiso kakuda ka pamwamba pa chitseko. Makamera anali paliponse m'nyumbamo, ati chifukwa cha chitetezo cha mwana, ngakhale sindinaonepo mwana akuchapa. Ukakhala nawo zaka umasiya kuwaona. Iwo sasiya.

Madam analowa foni ili kale m'manja, Bwana ali pambuyo. Lily anamutumiza kukaonera katuni. Anandiimika kukhitchini, n'kuika foni pathebulo, n'kundionetsa ndekha. Ndinalipo: mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, atavala yunifomu, akutulutsa lilime pa sopo katatu. Munthu ukamuonera pamwamba, wopanda mawu, chilichonse chimene akuchita chimaoneka ngati ufiti.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndikuyesa sopo, Madam. Ndiye njira yodziwira ngati..."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pachiyambi. Chidutswa chimodzi pa ulendo uliwonse, ndipo chimenecho ndimasambira ine."

"Ndikhulupirire bwanji? Chaka chonse mwana wanga, wa zilonda pathupi, wakhala akusamba malovu ako?"

Malovu anga. Mwana amene ndinamupukuta masanzi ndi manja awa, amene ankayamwa chala changa mano akumera. Ndinayesa kufotokoza za soda, za katuza, ndinatulutsa ngakhale lilime kuti aone. Anatembenuza nkhope ngati ndawaonetsa chinthu chamanyazi.

"Anzanga anandichenjeza," anatero motsitsa mawu. "Ankati atsikana ena amachita zinthu. Amaika zinthu m'zakudya, m'zovala, kuti mwana aziwakonda iwo kuposa mayi wake. Ine ndinkawauza kuti Miti wanga sangatero."

Apa ndiye mutu unandiwira. Ndinawerenga khoma lawo lonse la mabuku, iwo osatsegulapo ngakhale limodzi, koma wokhulupirira zamatsenga pakati pa awirife ndinakhala ine. Mwana amakonda womusambitsa, womupesa, womudziwa kuti sadya nthochi yakuda. Mankhwala ake ndi amenewo. Safuna kunyambita kanthu.

Bwana Rodney ankangoyang'ana pansi, akusisita khosi. Madam anagamula. Sopo wanga yense atayidwe, chifukwa sakudziwa kuti ndi uti amene anadutsa pakamwa panga. Wa pinki, amene anapanga okha ndi manja awo, ndi amene apite kwa ana. Chidutswa chomwe ndinanyambita chichotsedwe, basi. Mawa m'mawa ndipepese, ndikulunge wa pinkiyo m'tinsalu, ndipo nkhaniyi iiwalike. Ndikakana, ndiye kuti sitingakhalenso nyumba imodzi.

"Madam, wa pinkiyo ndi amene akuwotcha."

"Inde, wanga ndi amene ali woipa. Zangochitika choncho, eti?"

Anatenga okha thumba lakuda la zinyalala, n'kukokoloreramo zidutswa zanga zonse.

Lily atadya ndinalowa kuchipinda kwanga, kachipinda kopanda zenera ka kuseri kwa khitchini, n'kumuimbira Chawezi. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, chinthu chosachitikachitika.

"Ndiye vuto lili pati? Pepesa, kulunga, khalas."

"Chawezi, sopoyo asupula ana."

"Ana a ndani? Ako? Amayi awo akangoona kufiira athamangira kuchipatala cha mipando yofewa. Iwe viza yako ili m'dzina la nyumba imeneyo. Pa msinkhu wakowu akulembanso ndani? Akufuna atsikana a mawondo abwino, asisi."

"Lily adzasamba sopo yemweyo. Wanga wataidwa."

Kenaka anati, "Ndiye um'bise wa Lily yekhayo, um'sinthire. Enawo Mulungu awaone."

"Ana makumi atatu."

"Iwe, wayamba liti kuwerenga ana a eni? Ako awiri unawasiya kwa mlongo wako ali ndi zaka zingati? Unawawerenga? Ukufuna kuchoka m'nyumbamo chifukwa cha sopo, ukamusiye Lily ndi mayi amene sadziwa ngakhale saizi ya nsapato yake? Yalla, fulumira, pepesa. Kunyada sikudyedwa."

Chawezi amadziwa pobaya. Sindinkaopa ndege yobwerera kwathu. Chimene ndinkaopa chinali kudzuka tsiku lina popanda kamwana kaja kogogoda pachitseko changa katanyamula chipeso. Anga anakula ndikuwaonera pafoni. Uyu yekha ndi amene ndinamulera ndi manja. Ndinaganizira ndithu za nzeru ya Chawezi. Kupepesa ndinali nditazolowera, ndinapepesapo chifukwa cha mvula ya mchenga yodetsa mawindo. Koma ndikaganiza zomanga riboni pa chidutswa chilichonse, kulembapo dzina la mwana, Owami, Ethan, ana amene ndinkawadziwa nkhope, ena a khungu lofewa kuposa la Lily, lilime linkandikumbutsa lokha.

M'mawa wa Lachisanu, nditabwera kokasiya Lily kusukulu, ndinapeza thebulo la kukhitchini litayalidwa: tinsalu todula kale, mariboni, timapepala ta mayina, ndi bokosi la sopo wa pinki. Madam atakhala kumutu kwa thebulo. Bwana ataima pafupi ndi sinki, khofi m'manja, akuyang'ana wotchi.

"Ndikumvetsera," anatero Madam.

"Pepani kuti sindinakuuzeni mmene ndimayesera sopo. Ndikanakuuzani pachiyambi. Pa chimenecho ndalakwa."

"Chabwino. Yamba kukulunga."

"Sindikulunga, Madam."

Ndinatenga mpeni wawo, n'kusankha chidutswa cha pansi pa bokosi chimene sindinachinyambitepo, n'kuchidula pakati iwo akuona. Ndinadontheza madzi pamalo odulawo, kuchiika pa sosala, n'kuchikankhira patsogolo pawo.

"Lawani. Kunsonga kwa lilime kokha. Akapanda kukulumani, ndikulunga onse, ndipo masana ndilongedza katundu wanga ndekha."

"Ukundiuza kuti ndinyambite sopo? M'nyumba mwanga?"

"Mukufuna kumupaka pathupi pa ana a anzanu. Lilime lanu ndi lolimba kuposa khosi la Lily."

Nkhope yawo inafiira mpaka m'makutu. Anati ndapenga. Anati sakhala pano kumachita miyambo ya kumudzi. Apo Bwana Rodney, amene pa zaka zonsezo sanalowererepo pa nkhani ya m'khitchini, anaika kapu pansi. Sanachite zimenezi chifukwa cha ine, ndisaname. Ankachedwa kuntchito.

"Jean, tithane nazo izi. Ndi sopo basi."

Anatola chidutswacho ngati bisiketi, n'kutulutsa lilime lonse, osati kunsonga monga ndinanenera, n'kunyambita.

Sindinaonepo mzungu wamkulu thupi akulumpha chotero. Sopo anagwera uko, kapu ya khofi inagubuduka, iye ali pampope, mutu pansi pa madzi, tayi ikunyowa m'sinki, akutukwana mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Ndinamupatsa mkaka wozizira kuti achukuche. Atapeza mpweya, maso ali misozi, analoza thumba lakuda lija limene linali lidakali pakhomo la kuseri.

"Bweretsa wakowo."

Ndinatulutsa chidutswa chimodzi. Ulendo uno anagunditsa mwamantha, kunsonga kwenikweni. Anadikira. Anagunditsanso.

"Uyu akungowawa ngati sopo." Anatembenukira kwa akazi ake. "Jean, unayeza pasikelo?"

Madam anati anayeza. Bwana anatenga foni yawo, n'kufufuza vidiyo ija ya Lamlungu, imene anthu mazana anali ataiyamikira kale. Tinaionera tonse atatu, monga tinaonera yanga dzulo lake. Madam ndi mnzawo akuseka, atavala ma epuloni ofanana. Sikelo ikukana kuyaka, batire latha. Madam akuti palibe vuto, n'kutenga kapu ya tiyi, n'kutapa soda modzaza. Patsogolo pake botolo la mafuta a azitona likutha msanga, mnzawo akulisuzumira, Madam akuti akwana omwewo.

Ndipo Bwana Rodney anaseka. Sanaseke mwankhanza, anaseka ngati munthu amene wapulumuka ngozi, lilime lili panja, tayi ikudontha. Anati, "Tikanasupula kalasi yonse! Miti, watipulumutsa."

Nditamva kusekako ndinadziwa kuti ntchito yanga yatha. Wantchito wolakwa amakhululukidwa, amapatsidwanso mwayi, bwana n'kumva kukoma mtima kwake. Koma wantchito amene wakhoza, pamaso pa mwamuna wa mwini nyumba, ndi umboni wa vidiyo ya mwini nyumba yemweyo, alibe kokhala. Madam anasonkhanitsa mariboni mmodzimmodzi, kuwapinda bwinobwino, n'kukwera pamwamba.

Phwando linachitika. Ana anapita kwawo ndi maswiti ndi mabaluni. Ine ndinatsuka mbale.

Lolemba Madam anandiitana pabalaza, pansi pa mabuku aja. Analankhula mofatsa, mawu okonzedwa kale. Anati sakutsutsa kuti pa za sopo ndinali ndi mfundo. Koma kukhulupirirana kwasweka. Ndinabisa chinthu kwa chaka chathunthu, ndinawayankha mwamwano, ndipo Lily wakula, sakufunikiranso munthu wogona m'nyumba. Anandipatsa mwezi umodzi. Anati andilembera kalata yabwino. Ndinafunsa ngati m'kalatamo mudzakhale zoti ana makumi atatu akadali ndi khungu lawo. Anati mwano umenewo ndi womwe akunena.

Tsiku lonyamuka Bwana ananyamula sutikesi yanga mpaka m'galimoto, osandiyang'ana kumaso. Munthu wolimba mtima kunyambita sopo, koma osati kutsutsa mkazi wake kachiwiri. Lily anauzidwa kuti ndikupita kutchuthi. Anandipatsa chipeso chake kuti ndimusungire. Pageti Overton anaimika galimoto, n'kusuzumira pazenera.

"Achemwali, ndinanena ine kuti soda uja atsegula chinachake."

Koma maso ake sankaseka. Sopo wanga, ndinaona ndikutuluka m'nyumbamo, anali atachotsedwa m'thumba la zinyalala n'kubwezedwa pashelefu.

Kwathu kumene ndinkakulakalaka zaka khumi ndi zinayi sindinakupeze. Mayi anga ndinawaika m'manda pafoni. Pamene panali mtengo wa mapeyala wa mlongo wanga pali mpanda wa njerwa ndi shopu ya mowa. Ana anga amandipatsa ulemu wa mlendo, amagogoda asanalowe. Anthu amanditcha "a Dubai," ndipo amadabwa kuti ndinabwera ndi sikelo m'malo mwa galimoto. Ndimapangabe sopo, wa mafuta a mpendadzuwa ndi kokonati, poti ngamila kuno kulibe. Mdzukulu wa mlongo wanga anamununkhiza n'kunena kuti sakumveka kanthu, bola wa m'sitolo. Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'choti magetsi akazima masana, thukuta likutsika, ndimapezeka ndikulakalaka kachipinda kochapira kaja, kuzizira kwake, fungo la sopo wokhwima, ngakhale kadiso kakuda ka pachitseko. Munthu kusowa malo amene anamutaya! Ndimadzitukwana ndekha.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri foni inalira uthenga. Madam Jean. Anayamba ndi kufunsa za umoyo wanga, mizere itatu, chinthu chimene sanachitepo tili nyumba imodzi. Kenaka nkhani. Sopo uja watha. Ayesa wa m'masitolo anayi, ayesa wa mayi wina wogulitsa pamsika wa Loweruka, Lily wayambiranso kulira kubafa. Anatumiza chithunzi cha kuseri kwa bondo, kofiira, kokandika. Kodi ndingawalembere kapangidwe kake, ndendende?

Chawezi nditamuuza anakuwa pafoni. "Usayankhe! Aone okha. Kapena uwauze kuti kapangidweko kali m'malovu."

Ndinayang'ana chithunzicho tsiku lonse. Bondo limenelo ndinkalidziwa kuposa langa. Madzulo dzuwa lisanalowe ndinakhala pakhonde n'kulemba zonse, osabisa kanthu: kulemera kwa mafuta aliwonse, kwa soda, kwa mkaka, kuumitsa mkakawo, poto woyenera, magolovesi, kamzere kosamira, masiku awiri m'chikombole, masabata asanu ndi limodzi pashelefu. Ndinalemba kuti agule mabatire a sikelo apadera. Pomaliza ndinalemba kuti asanamusambitse mwana, atenge chidutswa chimodzi, anyowetse pangodya, agunditse kunsonga kwa lilime lawo. Akabayidwa, ataye ulendo wonsewo.

Yankho linabwera mwamsanga. Anathokoza kwambiri. Kenaka: "Koma Miti, palibe njira ina yoyesera?"

Njira ilipo. Pali timapepala tina timene amagulitsa m'mafamase, tosintha mtundu tikakhudza sopo wonyowa; ndinawerenga za ito m'buku lawo lomwe lija lobiriwira, shelefu yachitatu kuchokera pansi, pafupi ndi zenera. Sitinena zoona kuposa lilime, koma tilipo. Bukulo akadali nalo. Akhoza kulitsegula tsiku lililonse limene angafune.

Ndinalemba kuti, "Ine ndimadziwa imeneyi, Madam. Ndipo dzina langa ndi Mtisunge."

Patapita masabata asanu ndi awiri kunabwera uthenga wa mawu. Anali Lily, madzi akumveka kumbuyo, akufuula monga amachitira akakhala m'bafa.

"Anti Miti! Sakuluma! Ndipo mukudziwa? Amami ananyambita sopo! Ndinawaona!"